Fumbi Loyabwa

Panali chinthu chimene ndinali ndisanauzepo munthu, ngakhale mnzanga Zione amene tinkakhala pa desiki imodzi ku sekondale. Mawailesi onse amene anthu a ku Senga Bay ankabwera nawo kwathu, n'kumatama luso la Ababa, a Abdulkarim, kuyambira chaka chimene ndinalowa Fomu 2 ndinkakonza ndine. Ababa ankailandira wailesi pakhonde, kuigwedezera pakhutu, kuinunkhiza, n'kumuuza mwiniwake kuti abwere mawa. Munthu uja akangokhota, ankandipatsira pawindo.

Maso awo anali atayamba ng'ala. Zinthu zikuluzikulu ankaziona, jenereta ankaidziwa ndi manja ndi makutu, koma kawaya kapena kasikuluwu kankangosungunuka pamaso pawo. Sitinakhalepo pansi n'kupangana kuti tibise. Zinangokhala choncho, ndipo ine zinkandikomera, chifukwa ndine munthu woti mlendo akandifunsa dzina mawu amakanirira pakhosi.

Mawailesi anali ganyu chabe. Ntchito yeniyeni Ababa ankagwira ku bungwe lina, mwa aja anabwera motsatizana matipate atangoyamba. Bungwelo linali ndi ofesi kufupi ndi nyanja kwathuko komanso chigayo cha mpunga ku Chinguluwe, ndipo za magetsi malo onse awiri zinali m'manja mwawo. Mu ofesimo munkakhala mayi Jenifer Mapopa, a ku Rumphi, amene anatha zaka akuvuula matope m'mabango ndi m'madimba a mpunga kufufuza nkhono zofalitsa likodzo. Madooko oipa, miyezi yoipa, midzi imene ana akukodza magazi, zonse ankazisunga m'kompyuta imodzi. Madisiketi amene ankasungirapo zapadera anali atachita chuku ndi chinyezi cha kunyanja.

Loweruka lina m'mawa kompyutayo inakana kudzuka. Kumbuyo kwake kunali mikwingwirima ya chitsulo, ndipo sikuluwu imodzi kunalibe. Bwana wamkulu wa ku Lilongwe atamva pa telefoni analamula kuti nkhaniyo ipite kupolisi. Makiyi a ofesi Ababa anali nawo, zipangizo anali nazo, ndiponso aliyense ankakumbuka tsiku limene anakangana ndi bwanayo pagulu, atawauza kuti asiye kuchoka pantchito Lachisanu masana kupita kumzikiti.

Anawatenga akupukuta mafuta m'manja.

* * *

Lolemba ndinawapititsira chinangwa ndi tiyi. Ndinawapeza pabenchi kuseri kwa kauntala alibe kofiya, ndipo kanali koyamba kuona imvi zawo zili pambalambanda pamaso pa anthu. Anafunsa za mbuzi, anafunsa ngati Amayi akudya. Nditawerama kuti nditenge mbale anandigwira mkono.

"Za maso angawa pakamwa pako patsekeke," anatero chapansipansi. "Wamagetsi wosaona angamusunge ndani? Muno ndituluka, Inshallah. Koma dzina likapita lapita."

Nkhaniyo apolisi anaipereka kwa Sajeni Benedicta Sungeni, mayi wamfupi wa ku Ntcheu, wovala zawamba, amene ankayenda ndi mtedza wokazinga m'thumba la jekete. Sankafunsa mafunso ambiri. Munthu akamalankhula, iwo ankamuyang'ana m'manja.

Ndili pomwepo analowa mayi Jenifer, maso ali psuu. Anauza a Sajeni kuti katswiri wa ku Lilongwe wanena pa telefoni kuti zoterezi amatumiza ku Joni, zimatenga miyezi, ndipo nthawi zambiri zimabwerako zili chomwecho. Msonkhano umene anayenera kukaonetsa ntchito yawo unali pafupi. Anaonjeza mowawidwa mtima kuti munthu yekhayo amene akanatha kuyang'anamo kuno ndi yemwe waiphayo.

Mpaka lero sindidziwa kumene mawu anachokera. Ndinangomva ndikunena kuti Ababa akhoza kumandiuza chochita, ine n'kumakachita ndi manja anga.

A Sajeni anaponya mtedza m'kamwa, akundiyang'ana zala. Ndinali ndi kachipsera ka mtovu pachala chachikulu, ndipo ndinafulumira kukabisa m'mpango. Anavomera, koma anati zonse zichitike iwo akuona. Anandipatsa mpata wolandira malangizo kwa Ababa. Tinakambirana za mbuzi yathu yabere, ndipo ndinatuluka ndikugwedeza mutu ngati munthu woloweza zinthu zovuta.

* * *

Tinanyamula kompyutayo n'kuiika patebulo la pakhonde la ofesi ya mayi Jenifer, pamene pankawala bwino. Ndinatsegula chitini changa cha mabisiketi mmene ndinkasungira mita yoyezera magetsi, chowotcherera, mtovu ndi timabodi ta mawailesi akufa. Ndikangogwira chitini chimenecho manyazi amandichoka ngati malungo.

Chimene chimasunga zonse m'kompyuta amachitcha hadi disiki. Ndi kabokosi kachitsulo kofanana ndi buku la nyimbo, koma kolemera. M'kati mwake muli timbale tozungulira, ndipo simutsegulidwa. Kumimba kwake kuli kabodi kobiriwira kamene kamalandira magetsi n'kumauza timbaleto chochita. Zimenezi ndinaziwerenga m'magazini akale amene azungu ankasiya kumalo ogona alendo, anthu n'kumakulungira nsomba.

Ndinayamba ndi kuzula pulagi ya hadi disikiyo n'kuyatsa. Fani inazungulira, sikirini inawala. Nditaibwezera n'kuyatsanso, fani inangogwedezeka kamodzi n'kuima. Ndinauza a Sajeni, maso ali pansi, kuti Ababa ati zikatero ndiye kuti jenereta ilibe mlandu. Moto ukanachokera kujenereta ukanayamba kupha kabokosi kolandirira magetsi, osati kudumpha zonse n'kukaluma chinthu chimodzi.

Mayi Jenifer anafunsa ngati ntchito yawo yafa. Ndinawayankha kuti mwina chimanga chikadali m'nkhokwe, chathyoka ndi makwerero.

Kabodiko kamamangidwa ndi timasikuluwu ta mitu ya nyenyezi, tating'ono ngati njere za mapira. Mitu yake inali yotafunidwa, zoonetsa kuti wina anailimbana nayo ndi nsonga ya mpeni. Ine ndinali ndi sipoko ya njinga imene ndinaisongola ndekha ndi fayilo, ndipo inalowa ngati inabadwira momwemo. Nditachotsa kabodiko ndinakanunkhiza. Kankanunkha ngati chigubu chimene chagwera pamoto. Ndinakauzira kuti fumbi lichoke, n'kuyamba kuyeza.

Muvi wa mita unathamangira kumapeto nditangogusa njira ya waya wofiira. Kwinakwake magetsi ankathawira pansi asanafike kumene akupita. Ndinalondola kanjirako pang'onopang'ono mpaka ndinakapeza: kadayodi kakuda, kong'aluka pamsana. Kadayodi kameneka kali ngati mlonda wa pachipata. Magetsi olakwika akabwera kamadziponya kutsogolo n'kufa kokha kuti zam'kati zipulumuke, koma kakafa kamatseka njira.

Ndinatenthetsa chowotcherera. Ndinakanyamula kakufako, n'kupeza kofanana nako pa kabodi ka wailesi ya galimoto. Miyendo yake inali yoyandikana moti dontho limodzi la mtovu lopyola muyezo likanaphatikiza zonse. Ndinagwira mpweya. Dontho linakhala pamalo pake, lonyezimira, lozungulira bwino. Ndinayezanso, muvi unakhala phee pakati.

Ndisaname, pamenepo ndinadzimva. Ndinafuna wina anene kuti taonani manja a mwanayu. M'malo mwake mayi Jenifer anati a Abdulkarim ndi mphunzitsi ndithu, ndipo ine ndinavomera ndi mutu.

Ndinamanga zonse n'kuyatsa. Fani inazungulira. Kabokosi kaja kanayamba kung'ung'udza m'dzanja langa, timbale tikuthamanga, ndipo mayi Jenifer anagwira m'mphepete mwa tebulo.

Kenaka kanayamba: kho, kho, kho. Ngati munthu wogogoda pakhomo la nyumba imene sakumudziwa. Sikirini sinaonetse kanthu.

* * *

Mayi Jenifer analowa m'nyumba. Ine ndinatsala ndikuyang'ana sipoko yanga, manyazi aja atabwerera onse. Ndinkaganiza za Ababa opanda kofiya pabenchi paja.

"Ukudzikanda chiyani?" anafunsa a Sajeni.

Sindinkadziwa kuti ndikudzikanda. Padzanja ndi pakhosi pankayabwa, kuyabwa kwa timinga tosaoneka. Kuyabwa kumeneko ndimakudziwa. Kwawo kwa Amayi amalima mpunga, ndipo tchuthi chilichonse chokolola ndinkabwerako khosi lili lofiira.

Ndinamasulanso kabodi kaja n'kukapendekera kudzuwa. M'mipata ya timiyendo, pamene mpweya wanga sunafike, munali mutamatirira fumbi lachikasu. Ndinapalapo ndi singano n'kuthira pachikhatho cha a Sajeni. Anali mankhusu a mpunga, operapera. Ndinawaonetsa mimba ya hadi disikiyo pamene kabodiko kanagona: panali poyera, fumbi lokhalo linali la mchenga. M'kompyuta monse munalibe nkhusu ngakhale imodzi.

Nditayamba kuona, ndinaonanso china. Kamwa la kabodiko, polowera pulagi, linali long'ambika m'makona. Pulagi imeneyi ili ndi makona awiri osemedwa kuti ilowe mbali imodzi yokha. Wina anaikakamiza chozondoka, moto waukulu n'kulowa panjira ya moto waung'ono, ndipo n'chimene chinapha kadayodi kaja. Koma pulagi ya m'kompyuta ya mayi Jenifer inali yosalala, yopanda bala.

A Sajeni anandifunsa tanthauzo lake, ngakhale ndikukhulupirira kuti anali atadziwa kale.

"Kabodi aka si ka muno," ndinatero. "Kanapsera kwina. Kake ka muno katengedwa."

Anapukuta chikhatho pa siketi pang'onopang'ono.

"Bambo ako anakuuziratunso zimenezi?" anafunsa. "Koma ndiye mdala uja amaona patali."

* * *

Anayamba ndi a Margret, amene ankasesa mu ofesimo. A Margret ukawafunsa njira ya kumsika amayambira tsiku limene anakwatiwa. Anafotokoza za msana wawo, za tsache latsopano limene anapempha kalekale, za mmene Lachisanu lija mayi Jenifer anagwirira ntchito pakompyuta m'mawa wonse asanapite ku Boma. Anabwereza zimene ananena poyamba, kuti kunalibe mlendo aliyense. A Sajeni anati sakufunsanso za alendo, akufunsa za aliyense amene anaponda pakhomopo.

"Aa, ngati n'choncho ndiye a Christopher anabwera," anatero a Margret. "Koma amene ajatu ndi athu omwe, a kuchigayo. Anabwera ndi ndowa ya nkhono za amadamu. Munthu wabwino, sangakupitirire osakuseketsa. Anachita kundituma kugolosale kuti ndikagule zoziziritsa kukhosi, changa ndi chawo. Ndinachedwako pang'ono, pajatu mwini golosale naye Lachisanu amatseka mpaka swala ya kumzikiti ithe."

A Misheck, mlonda wa pageti, anali osiyana nawo. Anali msilikali wakale, ndipo ankayankha ataima njo ngati ali pa perete. Inde, njinga yamoto ya a Christopher inalowa dzuwa lili pamutu. Inde, a Abdulkarim anali atapita kale kumzikiti. Inde, anabwerako njingayo isanatuluke. Awiriwo anaima kuseri kwa nyumba ya jenereta.

A Sajeni anafunsa ngati anamva zimene ankakambirana.

"Ayi, bwana. Ndinangoona a Abdulkarim akuwapatsa kaphukusi. Kokulunga m'nyuzipepala."

Anasonyeza kukula kwake ndi manja. Kanali kofanana ndi buku la nyimbo.

Ndinkadziwa kuti m'mawa wa tsiku limenelo Amayi anakulunga utaka wouma kuti Ababa akapatse mkazi wa a Christopher, amene anali woyembekezera ndipo ankalakalaka nsomba za kwathu. Ndinanena zimenezo, koma mawu anga anatuluka ochepa. A Sajeni anati mwana aliyense anganene choncho, ndipo nsombazo pofika lero zinadyedwa.

* * *

Mawa lake tinakwera galimoto ya bungwe kupita ku Chinguluwe, ine, a Sajeni ndi mayi Jenifer. M'njira mayi Jenifer anatiuza kuti makompyuta awiriwo anabwera tsiku limodzi, m'makatoni ofanana, ngati mapasa.

Chigayo tinayamba kuchimva tisanachione. Panja panali mulu wa mankhusu wotalika kuposa munthu, ndipo amayi odikira pamzere anali atafunda zitenje kumaso. Kaofesi kanali khoma limodzi ndi chigayocho. Fumbi lachikasu linali paliponse, pawindo, pampando, m'tsitsi la a Christopher.

Anatilandira ndi manja awiri. Anali mnyamata wa tayi, wolankhula mofulumira, mawu atatu alionse limodzi la Chingerezi. Anati nkhani ya mdala Abudu yawakhudza kwambiri, anati munthu sungamudziwe. A Sajeni analoza chinthu chimene chinali pakona, chofunditsidwa nsalu ya tebulo. A Christopher anati kompyutayo ili bwinobwino, angoipumitsa kaye chifukwa cha fumbi. Atauzidwa kuti aiyatse, anati mafuta a jenereta yaing'ono atha. A Sajeni anati adikira, alibe changu, ndipo anakhala pampando n'kutulutsa mtedza.

Mafuta anapezeka. Kompyuta inayaka, n'kuyamba kugogoda: kho, kho, kho.

Nditatsegula, chinthu choyamba kuona chinali pulagi. Makona ake anali atasemedwa ndi mpeni, zoonetsa kuti itakana kulowa munthu anaisema ngati mpini wa khasu mpaka inalowa. Pansi pa hadi disiki yodzaza mankhusu panali kabodi koyera, kopanda fumbi, timasikuluwu take totafunidwa mitu. Ndinayerekeza timabodi tiwirito pawindo. Tinali tofanana chilichonse, kupatula kachipi kamodzi kamene manambala ake ankasiyana kumapeto. Mapasa aja sanali a mimba imodzi. Kabodi kalikonse kankadziwa timbale take tokha, n'chifukwa chake onse awiri ankagogoda.

Ndinatenga kabodi kamene ndinakonza dzulo lake n'kukamanga pa hadi disiki ya kuchigayo. Pulagi ndinaitembenuza bwino, waya wofiira mbali yake. Ndinayatsa. Panalibe kugogoda. Sikirini inadzaza zilembo, ndipo pamwamba panatuluka dzina la chigayocho.

Kanali kafika kwawo. Dontho langa la mtovu linali likugwira ntchito, anthu atatu akuona.

A Christopher anakhala pansi pa thumba la mpunga. Anavomera kuti anatsegula kompyutayo kuti apukute fumbi chifukwa inkatentha, ndipo pobwezera pulagi anamva fungo. Anati ankaopa kuchotsedwa ntchito mkazi ali pafupi kuchira. Anati kumaphunziro a sabata imodzi ku Lilongwe anamva kuti timabodi tofanana timasinthanitsika. Mawu a Chingerezi aja anali atawathera. Ndinayamba kuwamvera chisoni.

Kenaka anadzutsa mutu.

"Koma ine kompyuta ya amadamu sindinaigwire," anatero. "Ndinawadandaulira a Abdulkarim. Iwo ndi amene anati asinthanitsa, palibe adziwe. Anamasula okha, n'kundipatsa m'nyuzipepala. Funsani mlonda. Ndipo inu bwana, tayang'anani timasikuluwu timeneti. Kunyanja konse kuno, ndani wina ali ndi maso ndi manja a zinthu zotere?"

* * *

A Sajeni anatisonkhanitsa tonse mu ofesi ya ku Senga Bay masana a tsiku lomwelo. Ababa anabwera nawo pa galimoto ya polisi. Kofiya anali atawabwezera. Anakhala pampando wa pafupi ndi chitseko, manja pamaondo, nkhope italoza kumene kunkachokera mawu.

Ndinayamba ndi ntchito. Ndinapukuta timiyendo ta kabodi ka mayi Jenifer ndi kansalu konyowa sipiriti, ndinakagoneka pamalo pake, n'kumanga timasikuluwu mosinthanasinthana kuti kakhale mofanana. Ndinati Bismillah chamumtima.

Timbale tinang'ung'udza, tinakhazikika. Mayi Jenifer anakhala pampando n'kuyamba kudina. Panatuluka mapu a gombe lonse kuchokera ku Chipoka, madontho ofiira ali m'madooko. Anatsegula china, n'chinanso, n'chinanso, ngati mayi wowerenga zala za khanda. Kenaka anavula magalasi n'kubisa nkhope m'manja. A Margret, amene ankasuzumira pawindo, anayamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi mpaka a Misheck anawaletsa.

Koma a Sajeni sanatseke nkhani. Anati ntchito ya amadamu yabwerera, chabwino, koma iwo sanatumidwe kudzafuna nkhono. Pali munthu amene anatsegula kompyuta ya eni ake n'kuba kabodi. Mmodzi akuti ndi mdalayu, ndipo pali mboni imene inaona kaphukusi. Mdalayu akuti munali utaka. Akapanda kupeza china, onse awiri akaonekera kukhoti, ndipo kukhoti dzina la a Abdulkarim lokonza tinthu ting'onoting'ono lidzawamanga lokha.

Anafunsa Ababa ngati ali ndi chonena. Ababa anati Mulungu ndiye mboni yawo, sanagwire. Anafunsidwa ngati pali chifukwa china chimene khoti lingakhulupirire. Anangokweza chibwano m'mwamba.

A Sajeni anatola kasikuluwu kamodzi kotsala, kaja ka nyenyezi, n'kukaika patebulo patsogolo pa Ababa, pambali pa kapu ya madzi. Sananene kanthu za iko. Anangotembenukira kwa ine.

"Masiku onsewa mdalayu ndakhala ndikumuona," anatero. "Posaina anasaina pambali pa mzere. Tiyi amayamba wafufuza kapu ndi nsonga za zala. Koma zimene ndaona ine si umboni, angati ndikumukondera. Payenera kupezeka wa m'nyumba mwake woti anene. Iwe Jamila, malangizo aja unkalandira kupolisi, ine ndinali kuseri kwa chitseko. Mbuziyo inabereka?"

A Christopher anayang'ana a Sajeni, n'kuyang'ana Ababa, osamvetsa. Mayi Jenifer anavalanso magalasi.

Ndinayang'ana Ababa. Kasikuluwu kanali pafupi ndi dzanja lawo, kakunyezimira, ndipo iwo sankadziwa kuti kalipo. Ndinadziwa kuti ndikatsegula pakamwa, mawa bwana wa ku Lilongwe amva kuti wamagetsi wake saona, ndipo anthu a mawailesi ayamba kudutsa pakhomo pathu osaima. Ndinadziwanso kuti ndikatseka, abwerera pabenchi paja.

Ndinanena, koma ndinanenera m'mpango. Ngakhale ine sindinadzimve bwino. Ndinati Ababa sangamasule kasikuluwu kotero chifukwa sangakaone, ndipo papita zaka.

A Christopher anayang'ana kasikuluwu kaja, anayang'ana maso a Ababa nthawi yaitali, kenaka anaweramitsa mutu mpaka tayi inagunda maondo. Anati m'kaphukusi muja munalidi utaka. Anati mkazi wawo anadya tsiku lomwelo, ndipo anawatuma kuti adzathokoze.

Ababa anatembenuzira nkhope kwa ine. Ndinkadikira mkwiyo, ndipo ndinali nditaukonzekera. Anakonza kofiya yawo ndi manja onse awiri, mmene amachitira akamalowa mumzikiti.

"Wayamba kale, ndiye umalize," anatero. "Koma usalankhule ngati wakuba. A Sajeni akufuna kumva, amadamu akufuna kumva. Wailesi ya a Shehe anakonza ndani? Ya kumalo ogona alendo ija, imene anailephera ku Boma? Nanga ichi chayakachi? Kweza mawu, mwana wanga."

Ndinachotsa mpango pakamwa. Ndinaika manja anga patebulo, chipsera chili pamtunda, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinawayang'ana a Sajeni m'maso.

"Ndine," ndinatero. "Zonsezo ndinakonza ndine. Dzina langa ndine Jamila Abdulkarim, ndipo anandiphunzitsa ndi bambo angawa."